Chombo Chosweka pa Likoma: Mafunso a Mdzukulu, Mayankho a Agogo

Mdzukulu wanga wina, amene adabadwira m'tauni ndipo nyanja amaidziwira pa zithunzi ndi pa mbale ya usipa, adamva kwa amayi ake kuti ine ndili mnyamata ndidakhalapo masabata asanu ndi awiri pa chilumba cha Likoma, chombo cha malume anga chitasweka pa miyala. Ndipo atadza kudzationa pa tchuthi, adandipanikiza ndi mafunso usiku ndi usiku mpaka nyali kutha mafuta. Ndalemba pano mafunso akewo monga adawafunsira, pamodzi ndi mayankho amene ndikadampatsa ndikadapanda kuodzera.

Agogo, kodi chombo chimene mukunenachi si bwato lomwe lija la asodzi?

Iyayi, mdzukulu wanga, ndipo ukadzafika kunyanja usadzasokoneze ziwirizi pamaso pa akuluakulu, angadzakuseke. Bwato ndi mtengo umodzi umene mmisiri amaugwetsa nausema ndi sompho kufikira utasanduka mphako yokwana anthu awiri kapena atatu ndi ukonde wawo. Koma chombo chimamangidwa monga nyumba, pakuti chili ndi msana wa mtengo wolimba woyala pansi kuchokera kumutu kukafika kumbuyo, pa msanapo paima nthiti zokhota, pa nthitipo akhomerapo matabwa, ndipo m'kati mwake muima mlongoti wonyamula mtanda wautali wopendekeka umene amamangapo thanga la nsonga zitatu. Luso limeneli lidadza ndi amalonda a Chiswahili ochokera kugombe la nyanja ya mchere, amene mmodzi wa iwo, Salim bin Abdullah, adakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840 natchedwa Jumbe. Ndipo David Livingstone, pofika kumeneko mu 1863, adapeza chombo chikumangidwa pagombe. Sindingakubisire kuti zombo zoyambazo zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo, abale athu enieni. Koma ukapolo utatha, luso lidatsala m'manja mwa adzukulu a amisiri aja, ndipo chathu chinkasenza mpunga wa ku Nkhotakota kunka nawo kuzilumba, n'kubwerako ndi usipa ndi utaka wouma.

Nanga chidasweka bwanji, popeza malume anu anali munthu wodziwa nyanja?

Chidasweka ndi mwera, ndiponso ndi changu cha malumewo, Mulungu ause mzimu wawo. Mwera ndi mphepo ya kumwera imene imakuntha m'nyengo yozizira, makamaka mu Juni ndi Julayi; ndipo popeza nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 550, yogona motsata njira ya mphepoyo, mafunde amene ayamba ngati makwinya ku Mangochi amafika pakati pa nyanja atakula ngati zulu. Ndi m'nyengo yomweyi pamene sitima yachitsulo ya Vipya idamira pa 30 Julayi 1946 ndi anthu 145. Tsono uganize wekha za chombo cha matabwa.

Tidafika pafupi ndi chilumba dzuwa litalowa kale, ndipo m'malo mozungulira kukaponya nangula kumbali yobisika kudikira m'bandakucha, malume adati doko akulidziwa ngati khomo la nyumba yawo. Funde limodzi lidatinyamula n'kutikhazika pa mwala, ndipo ndidamva kuti phwa! pansi pa mapazi anga, monga mzati wa nkhokwe ukamathyoka. Ine ntchito yanga inali yokapa madzi ndi chipanda, koma usiku umenewo ndinkakhala ngati ndikukapa nyanja yonse. Adatipulumutsa ndi asodzi amene adaona nyali yathu ikugwedezeka, nadza ndi mabwato kudzatula matumba a mpunga, natikokera pa mchenga. Kutacha tidawerenga mabala: matabwa atatu obooka kumimba, nthiti ziwiri zothyoka, mlongoti wong'aluka m'tsinde, ndi thanga long'ambika kuyambira kumwamba.

Munthu amayambira pati zikatero?

Amayambira kwa anthu asanagwire chida chilichonse. Chombo chodzaza madzi sichingatuluke m'nyanja ndi manja a amuna asanu, ndipo chikagona m'mafunde masiku awiri kapena atatu chimaphwasuka chokha. Malume adavala malaya awo okhawo ouma napita kwa amfumu kukadzionetsa, pakuti mlendo sakhoma msomali pagombe la eni asanalonjere; ndipo amfumuwo, atamva nkhani yonse, adati mawa lake ndi Lamulungu, mawu akaperekedwe kutchalitchi. Momwemo, Misa itatha, mkulu wina adaimirira nalengeza kuti kugombe kuli alendo a ku Nkhotakota amene nyanja yawalavula, ndipo kuti amuna onse amphamvu afike Lolemba m'mamawa ndi zingwe.

Adafikadi, ochuluka koti sindidathe kuwawerenga. Adayamba atulutsa miyala yolemeretsa chombo, nazula mlongoti, nayala zipika zoburungika pa mchenga. Kenaka wina adatsogolera nyimbo, ena onse akuvomera ndi kukoka pa mawu amodzimodzi, anyamata tikuthamangitsa zipika zotsala kumbuyo kukaziika kutsogolo, kufikira chombo chidakwera pamtunda pamene funde silifika, nachichirikiza ndi mphanda mbali zonse ziwiri. Akale adati mutu umodzi susenza denga, koma adanena asanaone chombo chonyowa, chimene chimalemera kuposa madenga khumi.

Bwanji nkhani ya chombo idakanenedwa m'tchalitchi? Kodi si nkhani ya kubwalo?

Kwina kulikonse ukadanena zoona, koma pa Likoma mpingo ndi ngalawa zidakulira m'nyumba imodzi. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA adasankha chilumbachi kukhala likulu lawo mu 1885 chifukwa madzi ankachitchinjiriza ku nkhondo za kumtunda. Ndipo popeza midzi imene ankafuna kuifikira inali m'mbali mwa nyanja, Uthenga unkayenda pamadzi. Chaka chomwecho adabweretsa sitima yaing'ono yotchedwa Charles Janson, dzina la wansembe amene adafera ku Chia mu 1882, ndipo William Percival Johnson adakhala zaka zambiri akuzungulira nayo midzi ya m'gombe, akulalikira, akuyendera sukulu ndi kumasulira Malembo m'Chinyanja cha kumeneko. Mu 1901 padaonjezeka sitima yaikulu ya Chauncy Maples, imene idapangidwa ku Glasgow, niphwasulidwa, zidutswa zake n'kunyamulidwa pamadzi ndi pamitu ya anthu kudzalumikizidwa kuno. Pa zombo zimenezi ana a pachilumba adaphunzira ukalipentala, kusula zitsulo ndi kuyendetsa injini, kotero kuti m'masiku anga munthu amene ankakupatsa buku la nyimbo pakhomo la tchalitchi kawirikawiri ndi yemweyo amene ukadamfunsa za tsigiro lothyoka.

Tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera adayamba kuchimanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Adayamba kupemphereramo mu 1905, nachipatula mu 1911. Ine, amene ndinali ndisanaonepo nyumba yoposa sitolo ya Mmwenye, nditalowamo ndidaiwala kuvula chipewa, mpaka gogo wina adandikodola ndi ndodo.

Tsono kukonza kwenikweniko kumayenda motani?

Kumayamba ndi khutu. Afundi athu, nkhalamba ya Chisilamu ya ku Nkhotakota imene idamanga chombocho ndi manja ake ndipo inkayenda nafe, adatenga nyundo yaing'ono nagogoda thabwa lililonse kuchokera kumutu kukafika kumbuyo, atapendeketsa mutu ngati nkhuku yomvera kabawi. Thabwa lamoyo limayankha kuti ngwe ngwe. Lofumbwa limayankha mogonthera ngati dzungu. Paliponse pamene padayankha moipa adalembapo ndi khala, ndipo malume adatsala pang'ono kulira poona kuti zolembazo zapitirira kutali ndi pamene mwala udaboola. Afundi adawauza mosanyengerera kuti mwala udangoulula chimene madzi amvula adachita kale. Pakuti m'nyanja yathu mulibe nyongolotsi zoboola matabwa zimene amadandaula nazo a kunyanja ya mchere, koma madzi opanda mchere, akamagona pansi pa chombo chosakapidwa, amaoletsa mtengo mwakachetechete.

Lamulo lake ndi ili: uyambe nthiti, matabwa pambuyo, chifukwa thabwa latsopano lokhomera pa nthiti yothyoka lili ngati chigamba chatsopano pa nsalu yakutha. Nthiti saicheka kuchokera ku mtengo woongoka, ingadzathyoke pokhota. Amafunafuna nthambi imene idakhota yokha ili m'nkhalango, kuti mitsempha ya mtengo itsate kukhotako, ndipo amaiika pambali pa yothyokayo naimangirira ku msana. Thabwa lobooka amalidula mpaka pamene mtengo uli wamoyo, ndipo malekezero ake ayenera kugwera pa nthiti. Komanso malumikiziro a matabwa oyandikana asagwere pa nthiti imodzi, monga momwe womanga nyumba salola mizere ya njerwa kugwera pamodzi. Thabwa latsopano amaliyeza ndi chingwe, nalisema, naliyesa, nalichotsanso, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ndipo kuti likhote motsata mimba ya chombo amalinyowetsa, nalipaka mafuta, naliwamba pa moto wa makala pang'onopang'ono, mbali imodzi itapanikizidwa ndi miyala. Ukafulumira limang'aluka, ukachedwa limapserera. Pokhoma amayamba aboola, kuti msomali usang'ambe thabwa, ndipo nsonga yake ikatulukira m'kati amaipinda naibwezera mu nthiti, wina atagwiriza chitsulo kunja. Ntchito yogwiriza chitsuloyo inali yanga, ndipo mano anga akuikumbukirabe.

Matabwa mudawapeza pa chilumba pomwepo?

Ha! Likoma ndi dziko la miyala, milambe ndi mango, ndipo mlambe, ngakhale uli waukulu chotere, m'kati mwake ndi wofewa wosatulutsa ngakhale mpini. Nkhuni ndi matabwa zimachokera kutsidya, ku gombe la Mozambique limene limaoneka pafupi ngati ungaliitane, ndipo masiku amenewo kunali m'manja mwa Apwitikizi. Malume adaoloka pa chombo cha eni chilumba kukafuna mlombwa, umene amisiri amaukonda chifukwa sufufuma kwambiri kapena kukwinyika, nabwera ndi matabwa amene wocheka wina adalumbira kuti adauma chaka chatha. Afundi adangopalapo kamodzi, nanunkhiza, nati mtengowu unali ndi masamba mwezi wathawu. Tidawaimika pamthunzi, mphepo ikupita pakati, ndipo masabata atatu adathera pamenepo.

Masabata atatu osagwira ntchito! Munkachita chiyani?

Apa ndi pamene mpingo udatimeza. Chakudya chathu chinali mpunga wonyowa umene tidauyanika pa thanga long'ambika lija, koma ndiwo, nkhuni ndi denga zidachokera kwa Akhristu. Amayi a mpingowo, amene kwathu ku mpingo wa Nkhoma tikadawatcha a Chigwirizano, adagawana masiku, ndipo madzulo alionse mwana ankafika ndi mbale ya kondowole ndi utaka, yovundikira ndi mbale inzake. Malume, munthu wosafuna kudya za ulere, adapita kwa akulu a mpingo kukapempha ntchito. Momwemo afundi adakonza zitseko ndi mafelemu a mazenera a sukulu, malume adasenza miyala, ine ndinkasesa bwalo pamodzi ndi anyamata otumikira kuguwa, amene adandiphunzitsa kuyatsa makala a lubani ndi kundiseka chifukwa cha kalankhulidwe kanga.

Ndidazindikira msanga kuti nthawi ya pachilumba idagawidwa ndi belu. Lamulungu nyundo siinkamveka pagombe lonse. Tsiku lina, matabwa atauma ndipo titangoliwamba bwino thabwa loyamba, belu lidalira mwapang'onopang'ono, kamodzikamodzi, ndipo amuna onse amene ankatithandiza adatula zida osanena kanthu. Malume adang'ung'udza kuti wakufayo sitimdziwa ndipo thabwa lizizira, koma afundi adawayang'ana nati, "Achimwene, anthu awa ankatidziwa ife pamene ankatikoka?" Tidapita kumanda, ndipo m'nthaka ya miyala ija mikono ya amalinyero idagwira ntchito yooneka. Thabwa lidaziziradi, tidaliwambanso mawa lake. Koma kuyambira tsiku limenelo adaleka kutitchula kuti alendo a chombo, nayamba kuitana malume ndi mfunda wawo.

Koma inu simunali a Anglican, ndipo mwati afundi anali Msilamu. Sipadakhale mkangano?

Padali kudabwana kokha. Ife a Nkhoma tidazolowera tchalitchi chopanda chokongoletsa, ulaliki wautali ndi Mgonero wa kamodzikamodzi. Kumeneko tidapeza kugwada ndi kudzuka kosatha, makandulo, utsi wa lubani, ndi mtanda wopachika pafupi ndi gome lolalikira umene adatiuza kuti udasemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo pamene padakwiriridwa mtima wa Livingstone. Malume ankakhala kumbuyo, manja ali pachifuwa, ndipo ku Mgonero sitinkapita. Koma pa 29 Juni, tsiku la Petro Woyera, pamene chilumba chonse chidasonkhana kukumbukira msodzi amene tchalitchi chidatengera dzina lake, ndidawaona akuyimba ndi mawu onse nyimbo imene mang'ombe ake adawadziwira kwawo. Afundi sadalowemo. Ankayala mkeka wawo kuseri kwa chombo pa nthawi zawo za Swala, ndipo amayi aja, popanda wowauza, sadawatumizirepo chakudya chimene chipembedzo chawo chimaletsa. Pa tsiku la chikondwererolo adawapempha kuti mbuzi azinge ndiwo, kuti nawonso adye.

Nanga ming'alu ya pakati pa matabwa mumaitseka ndi chiyani kuti madzi asalowe?

Ndi thonje, mafuta, ndi phula longa lija Nowa adamatira chingalawa chake. Thonje amalipota kukhala chingwe chofewa chonenepa ngati chala, naliviika m'mafuta a nsatsi, ndipo amalilowetsa mu mng'alu ndi chitsulo chophwatalala chosathwa, akumenya ndi chibonga cha mtengo, mzere woyamba woonda, wachiwiri wonenepa. Pamwamba pake amathira phula losungunula m'chitini. Chinsinsi chili pa muyeso: thabwa louma likalowa m'madzi limafufuma, tsono ukapanikiza thonje kwambiri matabwa amakankhana mpaka kuzula misomali, ukalekerera chombo chimadontha ngati dengu.

Ine ndidaona ngati ntchito yapafupi, ndipo afundi atapita kukapemphera ndidamata ndekha mzere wathunthu kuti ndiwadabwitse, phula n'kunditentha chala ichi ukuchionachi. Atabwera adagogoda, namvetsera, nazula zonse ndi kambedza osakweza mawu; kenaka adati akale ankati safunsa adadya phula, koma sadaganize kuti kudzabadwa wina wolisamba.

Mlongoti ndi thanga?

Mlongoti wong'aluka m'tsinde sakhulupirika, ngakhale uumange ndi zingwe zingati. Tidaudula pamwamba pa mng'alu, chombo chidakhala ndi mlongoti wofupikirapo, ndipo thanga tidalichepetsa molingana. Kusoka kudachitikira pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi, Lachinayi amayi atatuluka ku msonkhano wawo. Adaphatikiza nsalu yolimba ndi matumba otha ntchito, msoko uliwonse kuupinda kawiri, amuna n'kusokerera chingwe m'mphepete monse, pakuti mphamvu ya mphepo iyenera kugwera pa chingwe; nsalu yokha singaipirire. Mayi wina wokalamba adasokerera kamtanda kakang'ono ka ulusi wofiira pangodya ya pamwamba. Afundi adakaona, natembenuza nkhope ngati sadakaone.

Ndiye kuti pemphero ndilo limasunga chombo, agogo?

Funso limenelo ndidalimva likuyankhidwa ndi wansembe wachikuda wa pachilumbapo, tsiku limene tidabweza chombo m'madzi. Tidachikhazika posaya masiku awiri, chitamwa madzi kuti matabwa afufume, kenaka tidakapa, tidadikira, ndipo m'kati mudakhala mouma kupatula kadontho kamodzi kumbuyo kamene afundi adakatseka ndi thonje la kunsonga ya chala. Wansembeyo adadza atavala mkanjo wake, napemphera, nawaza madzi kumutu kwa chombo. Atatha adafunsa malume ngati nangula ali ndi chingwe chatsopano, ndi ngati adzalowanso doko usiku. Malume adati, ndi dalitso lotere aopanso chiyani? Pamenepo wansembe adawakumbutsa za Chauncy Maples, amene adadzozedwa ku London mu Juni 1895 kukhala bishopu wa Likoma, ndipo pobwerera, ali ndi changu chofika ku nkhosa zake, adapitiriza ulendo usiku m'ngalawa ya thanga yotchedwa Sherriff mphepo itaipa. Ngalawayo idagubuduzika pa 2 Seputembala chaka chomwecho, amalinyero adasambira nafika kumtunda, koma bishopuyo adamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams, asanakhale pa mpando wake ngakhale tsiku limodzi. "Manda ake ali kwanu ku Nkhotakota," adatero, "mukafika mukawaone." Malume sadayankhe, koma madzulo omwewo adagula chingwe.

Kunena za ine, ndaona zombo zodalitsidwa zikumira ndi zombo za anthu osapemphera zikukalamba. Ndaonanso eni zombo ena, Akhristu okhaokha, akubisa kanyanga pansi pa mlongoti usiku dalitso litachitika usana. Sindidzaweruza mlandu umenewo pano. Chimene ndidachiona ndi maso n'chakuti amene adapempherera chombo chathu ndi omwewo amene adachikoka ndi kuchisokera thanga.

Mudalipira zingati pa zonsezi, ndipo mudachoka liti?

Wocheka matabwa ndi wosula zitsulo za tsigiro adalandira ndalama zawo, pakuti imeneyo ndi ntchito yodyera. Ena onse adakana. Malume adatenga thumba limodzi la mpunga umene sudanyowe nakalitula kuguwa pa nthawi ya zopereka, lina adapereka kwa amfumu, ndipo amayi aja adawagawira wotsalawo ndi mbale, aliyense pakhomo pake. Ulendo umene tidayembekeza kupindula nawo udathera pamenepo, ndipo usipa umene tidabwera nawo kwathu unali wangongole.

Sitima ya Ilala, imene idayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1951, idaima pachilumba kangapo tili pomwepo, ndipo ulendo uliwonse ndinkapempha malume kuti andikweze ndipite kwa amayi. Ulendo womaliza adandilola, koma ndidakana ndine. Popeza kwathu kunali kumwera, kumene mphepo inkachokera, tidadikiranso masiku anayi kuti mwera ugone, ndipo tidanyamuka m'bandakucha ndi kamphepo kochokera kumapiri a kutsidya, belu la mapemphero a m'mawa likulira kumbuyo kwathu, anyamata anzanga aja akuthamanga pa miyala ndi kundiitana ndi dzina lachipongwe limene adandipatsa chifukwa cha chala changa. Chombocho chidayenda zaka zina zisanu ndi zitatu. Chitakalamba adachiphwasula pagombe la kwathu, matabwa akale adapita ku nkhuni, koma atatu a mlombwa aja adapezeka ali amoyo, ndipo malume adapangira chitseko cha nyumba imene amayi ako adabadwiramo.